Auzeni akadali ndi mawu

Achimwene anga anali kalipentala ku Ndirande, ndipo matenda awo anayamba kuonekera pa chitseko. Munthu amene anakhoma zitseko zaka zoposa 20 anapanga chitseko chokana kulowa pafelemu, mawa lake chinanso, ndipo kasitomala atadandaula anamulalatira, khalidwe limene sitinkawadziwa nalo. Mutu unabwera pambuyo pake, wowadzutsa tambala asanalire, limodzi ndi kusanza. Anamwa mankhwala a malungo kawiri konse. Anzawo a pamsika anati pali dzanja la munthu, ansanje achita zawo. Tsiku lina anagwa pashedi n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu, ndipo makina ounika m'mutu ndiwo anathetsa mkangano: chotupa, kumanzere kwa ubongo, chozama pamalo povuta kufika mpeni.

Dokotala anatitengera pambali, ine ndi alamu. Anafotokoza mosabisa kuti ndi khansa yoopsa, anatchula za gulu la anamwino amene amathandiza odwala matenda osachiritsika, kenako anafunsa ngati tingalowe limodzi kukamuuza mwiniwake. Tinakana zonse ziwiri. "Adokotala, chonde musawauze, angataye mtima," anatero alamu, ine ndikuvomereza ndi mutu. Masabata asanu otsatirawo achimwene ankayankhula bwinobwino, chifukwa mankhwala anali ataphwetsa kutupa kwa m'mutu. Tsiku lililonse ankandifunsa, "Mphwanga, akuti chiyani madokotalawa?" Ine ndinkayankha, "Akuti ndi mtsempha chabe, achimwene, mupeza bwino."

Sabata yachisanu ndi chimodzi mawu anayamba kuwathawa. Akafuna madzi pakamwa pankatuluka "nsapato". Kenako anatsala ndi liwu limodzi, "ujeni", ndipo ankalibwereza akuloza ndi dzanja lamanzere, poti lamanja linali litafa kale. Usiku wina anandigwira malaya mwamphamvu, maso ali pa ine, akulimbana ndi chinthu chimene chinali pamtima. Kaya inali nkhani ya puloti yawo ya ku Lunzu, kaya ngongole, kaya mwana wawo wachisamba amene anatha chaka osayankhulana naye. Ndinangoti, "Ndamva, achimwene." Palibe chimene ndinamva.

Chimene ndikutsutsa pano ndi chizolowezi chimene tili nacho tonse, achibale ndi achipatala omwe, choitana chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto a wodwala, chimene m'zipatala amachitcha palliative care, munthu atafika kale pa kayakaya. Pa khansa ya mu ubongo nthawi imeneyo amakhala madzi atafika m'khosi. Chisamalirochi chiyenera kufika pabedi sabata yomweyo imene chotupa choopsa chapezeka, ndipo ntchito yake yoyamba ikhale kukambirana ndi mwini matenda akadatha kumva ndi kuyankha.

Khansa ya khomo la chiberekero ndi ya kummero, zimene zadzaza m'mawodi athu, zimazunza thupi koopsa, koma kawirikawiri zimamusiya munthu ndi nzeru zake mpaka masiku omaliza. Amaitana ana, amagawa katundu, amapepesa amene anawalakwira, amanena kumene akufuna kukagona. Ya mu ubongo imagwira pamene pamakhala munthuyo. Chigaza ndi fupa, sichifutukuka, choncho chotupa chikamakula, pamodzi ndi kutupa kozungulira, ubongo umapanikizika. Chikamera kutsogolo, khalidwe limasintha: wofatsa amasanduka waukali, waulemu amatukwana apongozi masana dzuwa likuswa mtengo. Chikamera kumanzere, mwa anthu ambiri chimalanda chiyankhulo ndi mphamvu za mbali ya kumanja. Chikamera kumbuyo, maso amayamba kuona theka. Kumapeto tulo timachuluka, kumeza kumavuta, munthu n'kulowa m'tulo tosadzuka.

Mtundu woopsa kwambiri mwa akuluakulu umatchedwa glioblastoma. Kafukufuku wodziwika wa mu 2005 anaonetsa kuti ngakhale odwala amene anachitidwa opaleshoni, kuwotchedwa ndi makina komanso kumwa mankhwala a temozolomide, pafupifupi theka anali atamwalira pofika miyezi 15. Kumeneko n'kumayiko kumene chilichonse chilipo. Popanda thandizo lotere, ndi miyezi yowerengeka pa zala za dzanja limodzi. Ndipo mkati mwa miyezi yochepayo, masiku amene munthu angathe kudziyankhulira yekha ndi ocheperaponso. Masabata asanu a achimwene aja anali chuma chonse chimene anatsala nacho, ndipo ife tinawathera pa bodza.

Ndisanapitirire, pali chenjezo limene sindingalidumphe. Si chotupa chilichonse cha m'mutu chimene chili khansa. Zambiri za mtundu wa meningioma zimakula pang'onopang'ono ndipo zikachotsedwa munthu amabwerera kuntchito. Kuno kwathu, makamaka mwa amene ali ndi HIV, TB ya mu ubongo ndi matenda a toxoplasmosis zimaoneka ngati chotupa pachithunzi, koma zimachizika ndi mankhwala. Choncho palibe amene ayenera kutumizidwa kukadikira imfa asanayezedwe mokwanira. Ndikukamba za amene madokotala atsimikiza kuti ndi khansa yosachiritsika, kaya yayambira mu ubongo momwemo, kaya yachokera kubere kapena m'mapapo n'kufalikira kumutu, zimene zimachitika kawirikawiri.

Ife tinakana anamwino aja chifukwa tinkawaona ngati akalambulabwalo a imfa. Anthu ambiri amaganiza chimodzimodzi, ndipo ena amati ndi zachizungu. Inde, chiyambi chake chamakono chili ku London, kumene Cicely Saunders anatsegula St Christopher's Hospice mu 1967 n'kuphunzitsa kuti ululu wa wodwala sukhala m'thupi mokha, umakhalanso m'maganizo, m'banja ndi mumzimu. Koma ku Africa kuno chinamera mizu kalekale. Ku Uganda, Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa mu 1993 n'kufalitsa mofini wamadzi wotsika mtengo, woti wodwala azimwa ali pakhomo pake. Mu Blantyre muno, pa chipatala cha Gulupu, gulu la Tiyanjane lakhala likusamalira akuluakulu kuyambira 2003, ndipo la Umodzi limasamalira ana. Bungwe la Palliative Care Association of Malawi linakhazikitsidwa mu 2005. Mu 2014 boma linatulutsa ndondomeko yake ya chisamalirochi, chaka chomwecho chimene mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti chikhale gawo la ntchito za umoyo paliponse. Anthu odziwa ntchitoyi tili nawo mumzinda uno. Vuto n'lakuti timawaitana dzuwa litalowa.

Ndipo kuwaitana msanga sikufupikitsa moyo. Ku Boston, kafukufuku wa mu 2010 pa odwala khansa ya m'mapapo yofalikira anapeza kuti amene anayamba kulandira chisamalirochi atangopezeka ndi matenda ankakhala moyo wabwinopo, sankagwa mphwayi kwambiri, ndipo anakhala pafupifupi miyezi 11.6 poyerekeza ndi 8.9 ya anzawo. Imeneyo inali khansa ya m'mapapo, sindikunena kuti manambala omwewo angagwire pa ya mu ubongo. Koma akutsutsa mantha akuti namwino wotere akaima pabedi ndiye kuti bokosi layandikira.

Ntchito yawo yambiri ndi ya zinthu zooneka zazing'ono, zimene banja silingazidziwe palokha. Mankhwala ophwetsa kutupa aja ndi dexamethasone, ndipo amachita zodabwitsa: munthu amene dzulo samadzuka lero akupempha nsima. Abale amaimba mafoni kumudzi kuti wachira. Wina ayenera kuwauza mofatsa kuti chotupa chikadalipo, mankhwalawo angobwereka masiku. Ayeneranso kuwauza kuti amamwedwa m'mawa chifukwa amathawitsa tulo, kuti amakweza shuga, amabweretsa zoyerayera m'kamwa, amafoola ntchafu, ndiponso kuti sasiyidwa mwadzidzidzi. Mutu ukakana panado pamabwera mofini, amene amamwedwa pa nthawi yake, maola anayi aliwonse, osadikira kuti munthu ayambe wabuula, ndipo amayendera limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba chifukwa amadzimbitsa. Anthu amamuopa, amati ndi womalizitsa odwala. Akaperekedwa pa mlingo woyenera, chimene amamaliza ndi ululu.

Kukomoka ndiko kumaopsa magadiyani koposa. Ndinaona ndi maso anga wodi yonse ikudzambatuka, wina akuthamanga ndi supuni kuti aike m'kamwa mwa achimwene, wina akukokera mwana wake kutali poopa kuti thovu lingamupatsire. Supuni imathyola mano ndi kutsamwitsa, ndipo khunyu sapatsirana. Chofunika n'kumugoneka cham'mbali, kuchotsa zimene zingamuvulaze, n'kuitana namwino zikapitirira mphindi zisanu. Palinso funso limene liyenera kuyankhidwa lisanafike tsiku lake: wodwala akadzalephera kumeza mapiritsi oletsa kukomoka, tidzatani? Njira zilipo, monga diazepam wolowetsa kumbuyo, koma gadiyani ayenera kuphunzitsidwa masana kukuwala, asanakumane nazo yekha pakati pa usiku.

Nkhani ya chakudya ndiyo imandikhudza kwambiri, chifukwa kwathu kuno chikondi timachionetsa ndi mbale. Alamu ankadzuka mbandakucha kukaphika phala la nsinjiro, n'kumawakakamiza achimwene supuni ndi supuni, iwo akutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Kwa alamu, kusiya kudyetsa kunali kupha mwamuna wawo, ndipo ankadziwanso kuti akuchimuna akuyang'ana. Sitinkadziwa kuti munthu amene mmero wake wafooka, phala limalowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Namwino atabwera anawakhazika pansi n'kuwauza kuti, "Mayi, bambowa sakufooka chifukwa chakuti sakudya. Matenda ndiwo atseka njala. Anyowetseni milomo, atsukeni m'kamwa, muwatembenuze maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda. Kumeneko n'kudwazika kokwanira." Alamu analira, koma usiku umenewo anagona tulo koyamba. Mawu amenewo akanawamva mwezi umodzi m'mbuyomo.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe, chifukwa ndinkaziyankhula ndine. Amati kumuuza munthu kuti sachira n'kumupha kawiri, ndipo pachikhalidwe chathu kutchula imfa n'kuiitana. Koma chikhalidwe chake chiti? Makolo athu ankadziwa kusiya mawu. Nkhalamba ikaona kuti ulendo wayandikira inkaitanitsa mbumba, n'kunena za munda, za mbuzi, za amene asunge ana. Mawu a womwalira ankalemekezedwa kuposa chigamulo cha bwalo. Chizolowezi chonong'onezana m'khonde la chipatala, mwiniwake ali chigonere kuseri kwa katani, n'chachilendo kuposa kumuuza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mutu ukuwawawo ndi wake, nyumba ndi yake, ana ndi ake. Komanso tisadzinamize kuti odwala sadziwa. Amaona maso ofiira a akazi awo, amaona abale a ku Mulanje amene sanabwerepo zaka zisanu atulukira ndi nthochi. Chimene timachita pobisa n'kuwasiya okha ndi mantha awo, opanda womuuza.

Kuuza kwake kuli ndi luso, ndipo apa ndi pamene anthu ophunzira ntchitoyi amafunikira. Saponya nkhani ngati mwala. Amayamba afunsa wodwala zimene iye akuganiza za matenda ake, kenako amafunsa ngati akufuna kumva zonse kapena pang'ono. Alipo amene amati, "Uzani akazi anga, ine musandiuze," ndipo umenewo ndi ufulu wawo. Kusiyana kwake n'kwakuti wasankha ndi mwiniwake, osati mng'ono wake m'khonde.

Ena amati kuvomereza kuti matenda sachizika n'kuchepa chikhulupiriro. Ine ndine wopemphera, ndipo sindiona kutsutsana kulikonse. Mfumu Hezekiya itadwala, mneneri Yesaya anaiuza maso ndi maso kuti ikonze za nyumba yake chifukwa imwalira. Itamva, inatembenukira kukhoma n'kupemphera, ndipo inawonjezeredwa zaka 15. Pemphero lake linachokera pa choonadi chimene inauzidwa. Abusa ndi mashehe amene amayenda m'mawodi angathandize kwambiri atamapempherera machiritso kwinaku akulimbikitsa banja kukonza zofunika kukonza. Amene amauza wodwala kuti ataye mankhwala oletsa kukomoka ngati umboni wa chikhulupiriro akuchita nkhanza, ndipo sindipeza liwu lina lofewa loti ndiwatchule nalo.

Mfundo yolemera kwambiri ndi ya ndalama. M'dziko limene zipatala zimasowa mankhwala wamba ndipo namwino mmodzi amayang'anira wodi yodzaza mpaka pansi, bwanji kuwonongera anthu ndi nthawi pa wodwala amene sachira? Funsoli si lachipongwe. Koma mankhwala a chisamalirochi amene ndatchulawa ndi akale, otsika mtengo. Chodula ndi kusadziwa. Banja limene silinauzidwe zoona limagulitsa njinga, malata, kenako munda, kuthamangira kwa sing'anga wa kutali, kwa mneneri, ku chipatala cholipira kukajambulitsanso chithunzi chomwe chija. Kafukufuku amene anachitika mu Blantyre momwe muno motsogozedwa ndi Dr Jane Bates, n'kusindikizidwa mu 2021, anaonetsa mmene khansa yofika patali imagwetsera mabanja m'ngongole ndi kugulitsa katundu. Ana amasiye amatsala opanda bambo, opandanso fizi. Kukambirana kwa ola limodzi kungapulumutse munda.

Pali zosintha zimene ndikuyamika. Kwa zaka zambiri wofunika kuwotchedwa khansa ankadikira pamndandanda wopita kunja, ku India kapena mayiko oyandikana nafe. Mu 2024 chipatala cha khansa chomwe si cha boma chinatsegulidwa ku Nyambadwe ndi makina otere, ndipo ku Lilongwe kuli National Cancer Centre ya boma. Tili ndi madokotala athuathu a opaleshoni ya ubongo, monga Pulofesa Patrick Kamalo. Koma kubwera kwa makina kwachulukitsa zosankha, ndipo zosankhazo zimafuna mwiniwake. Kuwotcha glioblastoma mwa nthawi zonse kumatenga masabata 6, masiku asanu pa sabata. Kwa munthu wa ku Bangwe, zimenezi zingatanthauze ndalama zambiri kapena ulendo wa makilomita oposa 300, kutali ndi ana. Wina anganene kuti ndipita, mwezi uliwonse wowonjezera ndi waphindu, mwana wanga alemba mayeso a Fomu 4. Wina anganene kuti ndibwezereni kwathu ndikaone chimanga changa. Onse awiri akhoza. Wolakwa ndi amene amawasankhira osawafunsa. Ndipo amene wasankha opaleshoni ndi makina akufunikabe womuthandiza mutu, kukomoka ndi mantha, choncho zisamaliro ziwirizi ziyende pamodzi.

Nkhani ya wilo nayo imathamangitsana ndi nthawi. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limafuna kuti wilo ilembedwe, isainidwe pamaso pa mboni ziwiri, ndipo wolembayo akhale woganiza bwino. Pa matenda a mu ubongo, wilo yolembedwa mochedwa ndi yosavuta kuitsutsa: achibale adyera angonena kuti mutu unali utasokonekera kale. Amene timabisa matenda poti tikuteteza wodwala, nthawi zina timakhala tikutsekulira khomo olanda katundu wa mkazi wake.

Tsono ndikupempha zinthu zotheka. Zipatala zathu zikhazikitse lamulo lakuti aliyense wopezeka ndi khansa yoopsa ya mu ubongo aonedwe ndi a chisamalirochi m'masiku oyambirira, popanda kudikira kuti dokotala akumbukire kapena banja lipemphe. Zikakhala za aliyense, manyazi ndi mantha zimachepa, palibe amene angati ife atisankha chifukwa wathu akufa. Pakhale kachipinda kokhala ndi chitseko ndi mipando, poti nkhani yotere siyenera kukambidwa anthu 40 akumvetsera. Ndipo mawu akuti "mukadwalire kunyumba" asamatuluke okha. Nyumba yake mwina ili pamtunda ku Mbayani kumene galimoto silifika, chimbudzi chili panja, wodwala ndi wamwamuna wolemera, womunyamula ndi mayi mmodzi. Atuluke ndi mankhwala okwanira, malangizo olembedwa m'Chichewa m'buku lawo la kuchipatala, dzina la chipatala chaching'ono kumene akatengeko mofini akatha, ndi nambala ya foni imene wina amayankha.

Ifenso a mipingo tili ndi gawo. Amayi a mvano ndi a chigwirizano amabwera ndi nyimbo, shuga ndi sopo, ndipo zimatonthoza. Koma gadiyani amene wagona pa simenti milungu isanu ndi umodzi akusowa wina woti amuuze kuti, "Pitani mukasambe, mukagone, lero ndikhala ndine." Mwa onse amene anabwera kudzazonda achimwene, mayi mmodzi yekha ndiye anachita zimenezo, ndipo alamu amamutchulabe mpaka lero.

Ife tinavomera kuitana namwino uja mu sabata yachisanu ndi chiwiri, titalangizidwa ndi gadiyani wa pabedi loyandikana nalo. Atatha kuyankhula ndi alamu, anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mutu wa achimwene, kumanzere kumene dzanja linkagwirabe ntchito. Tonsefe tinali titazolowera kukamba za iwo ngati palibe, koma iye anawapatsa moni n'kuwauza dzina lake. Anaika zala zake m'dzanja lawo. "Bambo, ndikufunsani mafunso. Ngati yankho ndi inde, finyani kamodzi. Ngati ndi ayi, musafinye." Anafunsa ngati mutu ukuwawa, anafinya. Anafunsa ngati akufuna kukhalabe m'chipatala, dzanja linangoti zii. Anafunsa ngati akufuna kupita kwawo ku Ndirande, anafinya. Anafunsa ngati akufuna mwana wawo wachisamba aitanidwe, anafinya mpaka zala za namwino zinayera.

Kenako anafunsa, "Bambo, kodi mukudziwa kuti matendawa ndi aakulu?" Anafinya. "Munadziwa kalekale?" Anafinyanso, maso ali kwa ine.

Tinawatulutsa Lachisanu. Mwana uja anafika Loweruka kuchokera ku Mwanza, anakhala pamphasa pafupi ndi bambo ake masiku 12, akuwatembenuza ndi kuwanyowetsa milomo. Woyankhula anali iye yekha, bambo ake akungofinya.